Maphunziro a pa foni kwa anthu apantchito, zikuthekadi kapena tikungodzinamiza?

Tiyamike M:
Moni nonse. Ndikudziwa muno muli aphunzitsi, oyesa luso komanso ena a mmakampani nde tithandizane nzeru. Komwe ndimagwira ntchito timaphunzitsa anthu akuluakulu omwe ali kale pantchito, ena a zamagetsi, ena amakaniko, ena osamalira odwala ndi okalamba. Mabwana agamula kuti mbali yonse ya theory ipite pa intaneti, kalasi izikhala ya zamanja zokha. Ukaona ripoti ya pa sistimu utha kuvina, zobiriwira zokhazokha, pafupifupi aliyense wamaliza ma module ake, koma anthu omwewo akabwera ku wekishopu nkuwafunsa chinthu chomwe chinali mu module yoyambirira amangokuyang'ana pakamwa. Kwa inu amene mwayesapo zimenezi, vuto lili pa sistimu, pa ophunzira, kapena ndi ifeyo mmene tikukonzera maphunzirowo?

Bambo Gondwe:
Mayi Tiyamike zobiriwirazo musamazikhulupirire. Munthu wa zamagetsi ine ndimamudziwa ndi zomwe amachita asanagwire waya. Wazimitsa pa main, watseka ndi loko kiyi nkuponya mthumba mwake, wayesa testa yake pomwe pali moto kuti aone ngati ikugwira, wayesa pa waya woti agwirepo, kenako wabwereranso pa moto paja kukatsimikiza kuti testa sinafere panjira. Zimenezi pa kwizi aliyense amakhoza chifukwa yankho lolondola limakhala lalitali kuposa anzake kkkk. Mupatseni bokosi lenileni muone mmene amathamangira sikulu diraiva. Makompyuta sindidana nawo ayi koma asatinamize kuti kudina Next ndi kuphunzira.

Chisomo wa IT:
A Gondwe alasa pomwepo ndipo pali chifukwa chake. Ma kozi ambiri omwe mabungwe amagula okonzakonza amabwera mu SCORM, muyezo wolumikizira kozi ndi sistimu, wakale ndithu, womwe unayambika cha mma 2000 ndi nthambi ina ya unduna wa zachitetezo ku America. Zomwe SCORM imauza sistimu yanu nthawi zambiri ndi zochepa kwambiri, munthu watsegula, wakhalapo nthawi yakuti, wafika tsamba lomaliza, wapeza malikisi akuti, basi. Nde munthu atha kusiya foni patebulo vidiyo ikuyenda iye akuchapa, abwere adine Next, sistimu ilembe kuti wamaliza. Sikuti yanama, yangoyankha funso lomwe munaifunsa. Chobiriwiracho tanthauzo lake ndi loti tsamba latsegulidwa.

NaBanda:
Ndilankhuleko ine ngati wophunzira poti muno mukukamba za ife. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo shifiti imasinthasintha, sabata ina usiku ina masana. Kozi yomwe ndikupanga ili pa intaneti ndipo ndikuuzeni chilungamo ndimadinadi Next, osati ulesi ayi. Vidiyo imodzi yotalika ngati filimu, munthu akuwerenga zomwe zalembedwa kale pa sikirini ndi mawu amodzimodzi, ine ndangoweruka maso akulemera, ana akufuna zawo, bandulo ikutha ndikuyang'ana. Ma notsi amatumiza PDF yomwe anaikonzera pepala lalikulu, pa foni zilembo zake ngati nyerere, ukulitse, ukankhire kumanja, ubwerere kumanzere, pofika mzere wachitatu waiwala woyamba. Komanso foni ndi imodzi pakhomo, mwana akuifuna pa homuweki yake. Nde tsiku lomaliza likayandikira umangoti bola chibiriwire ndisataye malo.

Tiyamike M:
Achemwali zikomo, izi ndi zomwe athu satiuza poopa kuti tiwachotsa pa pulogalamu. Za PDF zo zandikhudza chifukwa ma notsi athu onse ali choncho, anangotenga zomwe tinkapanga fotokope nkuziponya pa sistimu.

Yamikani HR:
Ine ndiimire kumbali ya olemba ntchito poti mpaka pano tikuoneka ngati afiti. Kuchotsa anthu khumi pa mzere wa fakitale tsiku lathunthu kuti akakhale mkalasi si nkhani yamasewera, makina saima, oda ya kasitomala sidikira. Komanso akabwera oyendera za chitetezo amafuna umboni woti wakutiwakuti anaphunzitsidwa tsiku lakuti, ndipo sistimu imanditulutsira zimenezo nthawi yomweyo mmalo mofufuza mafayilo mkabati. Nthambi zathu zili kutali ndi kutali, mphunzitsi mmodzi sangazungulire konseko. Nde musanyoze kwambiri, pali zomwe e-learning yatithetsera.

Bambo Gondwe:
Yakuthetserani za oyendera a Yamikani, osati za mnyamata amene ati agwire waya wamoto mawa.

Yamikani HR:
Kkkk madala mwandiponda chala. Koma nanga mukufuna tibwerere ku choko ndi bolodi?

Kondwani Makaniko:
Palibe akunena zobwerera. Ine ndimayesa luso la ma apulentisi a zamagalimoto ndipo foni yandithandiza kwambiri, kungoti ndimaigwiritsa ntchito mobwerera. Mmalo moti ine ndiwatumizire vidiyo, iwowo ndi amene amanditumizira. Mwachitsanzo kusintha ma pad a mabuleki. Mnyamata amatsamiritsa foni pa bokosi la zida nkujambula ntchito yonse ku galaja komwe amagwira, ndipo ine ndikamaonera ndimayang'ana tinthu tomwe kwizi singatigwire olo pang'ono. Wanyamula galimoto ndi jeke, kodi waika sitandi kapena walowetsa mutu akudalira jeke yokha? Caliper, chitsulo chofinya ma pad chija, waimangirira kapena waisiya ikulendewera pa paipi ya mafuta a mabuleki? Ma nati a tayala wamanga modumphadumpha ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, kapena wangokwera pa sipanala ndi phazi? Ndipo chachikulu, asanasunthe galimoto wapopa buleki kuti pisitoni ibwerere pa ma pad, chifukwa akapanda kutero buleki yoyamba imapita pansi yopanda kanthu ndipo galimoto ikalowa mkhoma. Ndikaona cholakwika ndimamuuza kuti bwerera pa mphindi yakuti uone dzanja lako, amadzionera yekha, palibe zokangana. Vidiyoyo imalowa mu e-portfolio yake, fayilo ya pa kompyuta yosungira ntchito zake, ngati umboni ndipo a Yamikani akafuna zoonetsa oyendera ndi zimenezo, zoposa chobiriwira chija kutalitali.

Tiyamike M:
A Kondwani izi zandisangalatsa. Koma simutopa? Ma vidiyo a anthu ambiri kuonera imodziimodzi ndi ntchito yina payokha.

Kondwani Makaniko:
Ndimatopa ndithu ndipo apa ndi pomwe mabwana ambiri samva. Amaganiza kuti zinthu zikapita pa intaneti aphunzitsi achepe, pomwe ukazipanga bwino nthawi ya mphunzitsi imangosamuka, yochoka pa kuima kutsogolo kupita pa kuonera ndi kuyankha. Chomwe ndapulumutsa ndi maulendo opita ku ma galaja onse, osati nthawi yoyesa. Ndimakafikabe kamodzikamodzi chifukwa pali zina kamera siona.

Mayi Esnart:
Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndionjezere za gulu lomwe limaiwalika, akuluakulu omwe anasiya sukulu kalekale ndipo kuwerenga kumawavuta. Amenewa ndi omwe ine ndimawaphunzitsa. Bambo wina akhoza kukhala katswiri wowotcherera zitsulo zaka zambiri, ma apulentisi onse amadutsa mmanja mwake, koma mukamuika pa sikirini yofuna imelo, pasiwedi ya zilembo zazikulu ndi zazing'ono ndi nambala, kenako nambala yachinsinsi yomwe yapita ku imelo yomwe mwana wake anamutsegulira ndipo pasiwedi yake palibe akuikumbuka, bamboyo sanena kuti zandikanika. Amati ndinatanganidwa. Manyazi a munthu wamkulu ndi chinthu chachikulu, makamaka pamaso pa ana omwe iye amawalamula ku ntchito. Ambiri omwe timati asiya kozi sanafike nkomwe pa phunziro loyamba, anathera pakhomo polowera.

Malcolm Knowles, amene analemba kwambiri za maphunziro a akuluakulu ku America cha mma 1970, ankatsindika kuti wamkulu amafuna adziwe kaye chifukwa chomwe akuphunzirira chinthu, amabwera ndi zomwe akudziwa kale, ndipo amakonda zothetsa vuto lomwe ali nalo lero. Nde taonani ma module athu, amayamba ndi mbiri ya nkhaniyo, matanthauzo a mawu, zolinga khumi, ndipo salola kudumpha olo utakhala kuti ukuzidziwa. Wowotcherera uja mukumukakamiza aonere vidiyo yomuuza kuti chitsulo chotentha chimawotcha. Akatopa nazo tizimunena?

Chomwe ine ndimapanga sabata yoyamba sitiphunzira kalikonse ka mu silabasi. Aliyense abwere ndi foni yake, tilowe limodzi, atuluke, alowenso yekha, atumize chithunzi chimodzi, amvere voisi noti imodzi. Amene zamuvuta ndimakhala naye pambali osati pagulu.

Dalitso:
Koma abale zinthu zinasintha, pano chilichonse chili pa YouTube ndi Coursera, ma kozi a mayunivesite akuluakulu ena aulere. Munthu wofunadi kuphunzira safunikanso kumugwira dzanja. Mwina vuto ndi loti anthu ena alibe chidwi basi.

Chisomo wa IT:
Achimwene Dalitso maganizo amenewo ndi omwe dziko linali nawo mu 2012 pomwe masamba a ma kozi a pa intaneti a Coursera ndi edX ankayamba, anthu ankati mayunivesite atsekedwa. Patapita zaka ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America anaunika ma kozi a MIT ndi Harvard a pa edX ndipo zomwe anatulutsa mu 2019 zinaonetsa kuti mchaka cha 2017 mpaka 2018 omaliza anali pafupifupi 3 pa anthu 100 alionse olembetsa. Ndipo ambiri olembetsawo ndi anthu ophunzira kale. Ngati amenewo amathawa, kuli bwanji achemwali NaBanda ochoka ku shifiti ya usiku?

Maphunziro a patali si achilendo. Isaac Pitman ankaphunzitsa shorthand, kalembedwe kachidule kothamanga, kudzera pa positi ku England mu 1840, ndipo chomwe chinkapangitsa kuti ziyende ndi choti wophunzira ankatumiza zomwe walemba, iye nkuchonga nkumubwezera. Open University ya ku UK yomwe inakhazikitsidwa mu 1969 inkaulutsa maphunziro pa wailesi ndi TV ya BBC, komabe wophunzira aliyense ankakhala ndi tutor womuchongera ndi kumulembera ndemanga. Ife tatenga mbali youlutsa yokha, ya munthu woyankhayo taitaya poti ndi yomwe imadya ndalama.

Dalitso:
Chabwino ndamva, koma YouTube yo ine yandiphunzitsa zambiri.

Kondwani Makaniko:
Imaphunzitsadi ndipo ine ndimaigwiritsa ntchito, koma imathandiza ukakhala ndi vuto pamaso pako nkukasaka yankho lake. Komanso ili ndi anthu ambiri ophunzitsa njira zachidule zoopsa, apulentisi sangasiyanitse. Ndi bwino mphunzitsi asankhe ma vidiyo abwino nkuwapatsa linki kusiyana nkungoti kasakeni.

NaBanda:
Ine chomwe chinandigwira mtima pa maphunziro onse omwe ndapangapo chinali cha mphunzitsi wina amene ankangotumiza voisi noti yaifupi pa WhatsApp ndi funso limodzi. Mwachitsanzo, agogo omwe mukuwasamalira atsamwa akudya, akutsokomola mwamphamvu, mupanga chiyani, nanga akasiya kutsokomola mawu osatuluka mupanga chiyani. Timayankha pa gulupu, wina akalakwitsa anzake amamukonza, madzulo mphunzitsi nkumanga nkhani. Ndinkamvera ndikuyenda kupita ku ntchito. Mpaka lero ndimakumbuka zimenezo pomwe za mma vidiyo ataliatali aja mutandifunsa ndingokusekererani.

Mayi Esnart:
Nzosadabwitsa achemwali. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zomwe taphunzira zimathawa msanga mmasiku oyambirira ngati sitizibwereza, ndipo kubwereza motalikitsa nthawi kumathandiza kuposa kuunjika tsiku limodzi. Mphunzitsi wanuyo ankakukumbutsani pang'onopang'ono komanso ankakupangitsani kuti muyankhe nokha. Foni pa ntchito imeneyi ndiyabwino zedi poti ili mthumba tsiku lonse.

Tiyamike M:
Nde mukuti tisiye Moodle, sistimu yathu ya maphunziro ija, tipite pa WhatsApp? Chifukwa ndikakanena zimenezo ku ofesi andithamangitsa, anawonongerapo ndalama zambiri pokhazikitsa.

Chisomo wa IT:
Ayi musasiye. WhatsApp ndi yabwino pokumbutsana ndi kukambirana poti aliyense amaidziwa kale, palibe pasiwedi yatsopano, koma posunga umboni ndi yoipa. Munthu akasintha foni kapena kuba kukachitika zonse zapita, mphunzitsi akasiya ntchito amapita ndi mbiri ya kalasi yonse mthumba, vidiyo imafinyidwa mpaka nati osaoneka pokhapokha aitumize ngati document, ndipo nambala ya aliyense imaonekera kwa onse a pa gulupu zomwe amayi ambiri zimawabweretsera mameseji osayenera usiku. Nde kucheza ndi tima funso ta tsiku ndi tsiku ku WhatsApp, ntchito yochongedwa ndi umboni ku Moodle.

Ndipo Moodle yo anthu amaigwiritsa ntchito ngati kabati yosungira ma PDF pomwe ili ndi zambiri. Anaiyambitsa Martin Dougiamas wa ku Australia, inatuluka mu 2002, ndi yaulere ndipo aliyense atha kuisintha, chomwe mumalipira ndi seva ndi munthu woisamalira. Apu yake ya pa foni imalola kudawuniloda phunziro pomwe pali Wi-Fi, monga ku ntchito, nkukawerengera kunyumba popanda intaneti, ikadzapeza netiweki imatumiza yokha zomwe wapanga. Ma notsi mmalo mwa PDF alembeni mu Moodle momwemo ngati Page kapena Book, zilembo zimadzikonza molingana ndi sikirini. Muli H5P momwemo, mutha kudula vidiyo kuti iziima pakati nkufunsa funso isanapitirire, amene akuchapa uja aipeza itaima kkkk. Komanso mu activity completion, pomwe mumauza sistimu nthawi yowerengera kuti munthu wamaliza, mutha kusintha kuti chinthu chisabiriwire chifukwa chongotsegula, chibiriwire pokhapokha mphunzitsi wachonga. Mukangosintha chimenechi ripoti yanu ifiira koopsa mwezi woyamba, muwachenjezeretu mabwana.

Bambo Gondwe:
Ifiire basi, bola ikhale yoona.

Yamikani HR:
Kunena nkosavuta madala, koma opereka ndalama za maphunziro nthawi zambiri amalipira potengera omaliza. Ripoti ikafiira ndalama imaima, aphunzitsi omwewo malipiro awo avuta. Anthu sakonda zobiriwira zabodza chifukwa cha uchitsiru, ndi mmene kawerengedwe kanakhalira.

Mayi Esnart:
Apa a Yamikani mwanena zenizeni. Donald Kirkpatrick anatulutsa njira yake younikira maphunziro a pantchito mu 1959, masitepe anayi, kodi ophunzira akondwa nawo, kodi aphunziradi, kodi asintha kagwiridwe ka ntchito, kodi bungwe lapindula. Pafupifupi tonse timathera pa awiri oyambawo poti ndi osavuta kuwerenga, fomu ya nkhope zosekerera ndi kwizi. Lachitatulo limafuna kapitawo wa pantchito alowepo, aone munthuyo patapita milungu, asaine kuti ndamuona akupanga bwino. Makapitawo ambiri sadziwa nkomwe kuti wantchito wawo akuphunzira chiyani sabata ino. Kameseji kamodzi kopita kwa kapitawo kuti sabata ino taphunzira zakuti, mupatseni mpata ayesere, kangasinthe zambiri.

NaBanda:
Koma za kujambula vidiyo zija kwa ife osamalira anthu sizingatheke mmene a Kondwani akunenera. Galimoto ilibe manyazi, agogo omwe ndikuwasambitsa ali nawo. Ndisamve wina akuti jambulani monga umboni.

Kondwani Makaniko:
Zoona achemwali ndipo olo kwathu ndimawauza abise nambala ya galimoto ndi nkhope ya kasitomala, komanso mwini galaja avomere kaye. Kwa inu umboni ungakhale woyeserera pa chidole kapena pa mnzanu mkalasi, kapena woyesa abwere aone ndi maso, kapena kapitawo alembe zomwe waona, kenako nkucheza nanu pa foni kukufunsani chifukwa chomwe munapangira mwakuti. Kucheza kumeneko ndi komwe kungajambulidwe mawu, osati wodwala.

Dalitso:
Nanga za AI simukuzitchula bwanji? Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022 asaimenti yolemba aliyense atha kuipanga mphindi ziwiri. Mbali ina ndi yabwino, munthu amene akuchita manyazi kufunsa mphunzitsi atha kuifunsa kambirimbiri osatopa naye, itha kumufewetsera Chingerezi chovuta cha mmabuku a malangizo.

Bambo Gondwe:
Ndalandirapo ma asaimenti okongola ngati olembedwa ndi injiniya kuchokera kwa mnyamata amene sangandiuze kusiyana kwa fyuzi ndi breaker. Sindilimbana naye za kuti wakopera kapena ayi, ndimangomuitana, ndimupatse pepala lake lomwelo ndi kumuuza kuti ndifotokozere ndime iyi, nanga waya akanakhala wautali kawiri ukanasintha chiyani. Mphindi zochepa zimakwana. Chomwe chimandiopsa ine ndi china, makinawo amayankha molimba mtima olo akunama, ndipo pa kukula kwa waya kapena breaker bodza limatentha nyumba. Ndimawauza kuti manambala atenge mu buku la malamulo a mawaya ndi pa chikalata cha wopanga chipangizo, kwina konse ayi.

Chisomo wa IT:
Ndipo mapulogalamu omwe amati amagwira zolembedwa ndi AI musawadalire, amalakwitsa ndipo mutha kunamizira munthu wosalakwa. Njira ya a Gondwe yofunsa pakamwa ndi yomwe imagwira.

Tiyamike M:
Funso lina a Chisomo, tili ndi ophunzira ena omwe amagwira ntchito kumalo komwe netiweki ndi yovuta, ku ma saiti a zomangamanga ndi kumigodi. Zoom tinayesa koma aaa, mawu kudukaduka, ena kugwa nkulowanso, ndipo yaulere ija imadula pa mphindi 40 tisanafike pakati.

Chisomo wa IT:
Kalasi ya live ndi yomwe imadya bandulo kwambiri ndipo imafuna onse akhale omasuka nthawi imodzi, zomwe kwa anthu a mashifiti sizichitika. Isungeni ya mafunso ndi mayankho okha, yaifupi, makamera ozimitsa, ndipo jambulani mawu kuti ena amvere pambuyo. Kwa opanda netiweki kuli Kolibri ya bungwe la Learning Equality, mumaiika pa laputopu imodzi kapena pa kakompyuta ka Raspberry Pi, imagawa maphunziro pa Wi-Fi ya pamalopo popanda intaneti, anthu nkumalowa ndi mafoni awo. Kuli Kiwix yosunga Wikipedia yonse pa chipangizo. Olo memori khadi yokhala ndi ma vidiyo afupiafupi imagwira ntchito, musaipeputse.

Chenjezo limodzi pogula ma kozi okonzakonza, funsani ngati mudzathe kuwasintha nokha komanso kusamuka nawo. Adobe Flash, pulogalamu yomwe ma kozi ambiri akale ankayendera, itatha kumapeto kwa 2020 mabungwe ambiri anadzuka ma kozi awo akale osatseguka, wowakonzera uja anatseka kampani kalekale, mafayilo oyambira palibe. Komanso amene muli ndi ma labu a makompyuta akale dziwani kuti Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 ngati tsiku losiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo makompyuta ambiri akale sakwanitsa zofunika za Windows 11. Opereka thandizo amakonda kugula zida zojambulitsa pa tsiku lotsegulira, za munthu wozikonza chaka chachitatu palibe amazikamba.

Mayi Esnart:
Ndipo aphunzitsi eni akenso tisawaiwale. Ambiri a zamanja anachokera ku ntchito, ndi akatswiri pa makina awo koma palibe anawaphunzitsapo kukonza phunziro la pa foni. Amangopatsidwa pasiwedi Lachisanu kuti Lolemba zinthu zikhale zili pa sistimu, nde aponya PDF, atani nanga. Mu 2020 nthawi ya COVID-19 tonse tinathamangira pa intaneti mwadzidzidzi ndipo zinali zomveka, koma malo ambiri zomwe anapanga mothamanga zija ndi zomwe zilipobe mpaka pano. Komanso gulupu ya WhatsApp ikakhala yopanda malire mphunzitsi amalandira mafunso pakati pa usiku, osayankha akuti ndi wamwano. Muziika nthawi yoyankhira poyera tsiku loyamba.

Bambo Gondwe:
Ine mwana wina wa ku ofesi anandigwirira foni ndikulumikiza two way switch pa bolodi, ndikufotokoza mmene ndimafotokozera masiku onse, mphindi zochepa basi. Ophunzira akuti imeneyo amaibwereza kuposa zonse zogula zija. Nde ngati ndi zimenezo ndilipo, bola asandiuze kuti ndikhale pa kompyuta ndizipanga ma slide.

NaBanda:
Pali nkhani imodzi yomwe simunaigwire ndipo kwa ife ndi yaikulu kuposa zonse. Kale maphunziro akakhala mkalasi bwana ankatimasula, tsikulo linkawerengedwa ngati la ntchito. Chipitireni pa foni akuti muziphunzira nthawi yanu iliyonse yomwe mwafuna, kutanthauza nthawi yanga yogona, bandulo yanga, batire yanga. Kozi ndi yokakamiza, osamaliza sukwezedwa. Nde kampani yapulumutsa ndalama koma walipira ndi ine.

Yamikani HR:
Mmm apa sinditsutsa. Ku England ma apulentisi anawaikira lamulo mu 2017 loti gawo la 20 pa 100 la nthawi yawo ya ntchito likhale la maphunziro, ndipo kuphunzira pa intaneti kumawerengedwa pokhapokha kukuchitika mu maola olipidwa. Kenako anasintha kawerengedwe kake koma mfundo yoti ikhale nthawi ya ntchito inatsala. Kwathu tilibe choncho pa antchito wamba. Chomwe ndingathe ndi kukapempha ola limodzi pa sabata, chipinda chokhala ndi Wi-Fi ndi ma tabuleti angapo, lilembedwe pa rosita ngati ntchito ina iliyonse kuti kapitawo asamalidye. Sindikulonjeza kuti a zachuma avomera.

Kondwani Makaniko:
Likapanda kulembedwa pa rosita liiwaleni, tsiku lotanganidwa loyamba lomwelo lipita.

NaBanda:
Ndipo a Yamikani mukakapempha olalo lisakhale lakumapeto kwa shifiti ya usiku chonde, nthawi imeneyo olo mutandiikira vidiyo yabwino bwanji ndigona pa tabuletipo. Liikeni koyambirira munthu asanatope.

Tiyamike M:
A Chisomo za activity completion zija zili pati kwenikweni, pa kozi yonse kapena pa chinthu chilichonse pachokha? Ndikufuna ndiyesere pa kalasi imodzi ya a zamagetsi kaye ndisanakauze mabwana.

Chisomo wa IT:
Muyatse kaye completion tracking mu settings za kozi, kenako pa asaimenti iliyonse musankhe kuti imalizike munthu akalandira giredi, kapena giredi yokhoza ngati mwaika malire ake. Muonenso kukula kwa fayilo komwe seva ikulola chifukwa nthawi zambiri kumakhala kochepa ndipo ma vidiyo a ophunzira azikanidwa, ameneyo ndi wa seva angakukwezereni. Auzeni ophunzira azijambula pa 480p kapena 720p osati pamwamba, zimaoneka bwinobwino ndipo zimakwera msanga.